Bela Lugosi: Anamuthandiza Kapena Anamudyera Masuku Pamutu?

Mpaka lero okonda mafilimu oopsa sanamvane pa nkhani ya Ed Wood, wopanga mafilimu, ndi Bela Lugosi, katswiri wosewera m'mafilimu. Ena amati Wood anali bwenzi la pamtima la nkhalamba imene Hollywood inali itaitaya. Ena, kuphatikizapo mwana wa Lugosi weniweniyo, amati anangomudyera masuku pamutu.

Lugosi anabadwa mu 1882 ku Lugos, tauni imene panthawiyo inali m'dziko la Hungary koma pano ili m'dziko la Romania. Anatchuka posewera Dracula, chiwanda choyamwa anthu magazi, pa siteji ku Broadway mumzinda wa New York mu 1927, kenaka mufilimu ya kampani ya Universal mu 1931. Filimuyo inapha makwacha, koma Lugosi mwiniwake analandirapo madola 3,500 basi. Kalankhulidwe kake ka Chihangare, kamene kankaimitsa anthu tsitsi, ndi komwenso kanam'manga miyendo, chifukwa mabwana sankamuonanso ngati woti n'kusewera china kupatula mfiti kapena dokotala wopenga.

Pofika m'ma 1940 anali atatsikira ku timakampani tosauka totchedwa Poverty Row, monga Monogram. Kumeneko filimu ankaijambula masiku owerengeka, ndipo chimene ankagula kwa iye ndi dzina loti alilembe pa chikwangwani. Ululu wa mtsempha wa m'mwendo unam'zoloweretsa morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, moti mu 1955 anakadzipereka yekha kuchipatala cha boma ku California kuti asiye. Zimenezi zinkafunika kulimba mtima kwambiri panthawi imene anthu otchuka ankabisa mavuto otere.

Wood, wachinyamata wopanda ndalama, ankam'patsabe ntchito m'mafilimu ake: Glen or Glenda mu 1953, kenaka Bride of the Monster mu 1955. Anam'jambulanso tizidutswa topanda mawu, atavala mkanjo wa Dracula, kwina akununkhiza duwa pakhomo pa nyumba. Lugosi anamwalira pa 16 Ogasiti 1956 ku Los Angeles, ali ndi zaka 73, ndipo anamuika m'manda atavala mkanjo wa Dracula.

Mkangano wagona pa zimene zinatsatira. Wood anatenga tizidutswa tija n'kutisokerera mufilimu ina, Plan 9 from Outer Space, imene ndalama zake zinachokera kwa anthu a mpingo wa Baptist. Pamene panafunika Lugosi, anaikapo Tom Mason, katswiri wowongola msana, wamtali kuposa malemuwo ndiponso wosafanana nawo n'komwe. Ankangophimba nkhope ndi mkanjo. Filimuyo inafalitsidwa mu 1959, dzina la Lugosi lili pa chikwangwani, ndipo mu 1980 buku lina linaitcha filimu yoipa kuposa zonse.

Kugulitsa dzina la munthu amene ali m'manda kumandiwawa, ndipo mwana wake ndimamumvetsa. Komabe sindingamuweruze Wood yekha. Makampani akuluakulu amene analemera ndi nkhope ya Lugosi anasiya kumuitana pambuyo pa 1948, ndipo pa zaka zimene ankavutika kupeza ya lendi, amene ankabwera pakhomo ndi kamera anali mnyamata uja.