Kunjenjemera kwa agogo si kulodzedwa

Ku Mchinji kuno, munthu wamkulu akayamba kunjenjemera dzanja ali chikhalire, kuyenda mokwekwesa mapazi, nkhope n'kuuma ngati wakwiya, timafulumira kunena kuti amulodza, kapena kuti ndi kachasu wa paunyamata. Kawirikawiri amakhala matenda a Parkinson, amene dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817.

Gwero lake lili mu ubongo. Muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, komwe maselo ake amapanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza thupi kusuntha mwadongosolo. Maselowa akamafa pang'onopang'ono, dopamine amachepa. Makina ojambula ubongo a PET ndi SPECT amaonetsa zimenezi poyera: malo amene amawala bwino kwa munthu wathanzi amaoneka ozilala, nthawi zambiri mbali imodzi kuposa inzake. N'chifukwa chake kunjenjemerako kumayambira dzanja limodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti thandizo lilipo, koma agogo amangowasunga m'nyumba. Mankhwala otchedwa levodopa, amene akhala akuperekedwa kuyambira m'ma 1960, sachiza matendawa, koma mu ubongo amasanduka dopamine, munthu n'kuyambanso kudzidyera yekha nsima. Ndipo kuchipatala dokotala amatha kuwazindikira pongomupima wodwalayo, popanda makinawo.