Tamponi Singasochere M'thupi

Atsikana amene akufuna kusiya mapadi amaopsezedwa kuti tamponi (kathonje ka chingwe kolowetsa m'njira yoberekera kuti kazimwa magazi a msambo) imalowerera mpaka m'mimba. Limeneli ndi bodza. Kumapeto kwa njira yoberekera kuli khomo la chiberekero, ndipo kabowo kake n'kakang'ono zedi moti tamponi singadutsepo. Kachingwe ka tamponi kakabisala, njutani, kankhani ngati mukuchita chimbudzi, kenako ikokeni ndi zala zosamba bwino.

Sichotsanso unamwali, pakuti kuvala tamponi si kugonana.

Yambani ndi yaing'ono, tsiku lomwe magazi akutuluka ambiri, chifukwa pouma imapweteka polowa. Ilozetseni chakumsana, osati m'mwamba. Mukamaimva pokhala pansi, ndiye kuti sinalowe mokwanira.

Choopsa chenicheni n'kuiiwala m'kati: isapitirire maola 8 musanasinthe. Thupi likatentha mwadzidzidzi, mukamasanza kapena kutuluka zidzolo, ichotseni msanga n'kuthamangira kuchipatala.