Womutsatira sakoka mavoti ambiri, koma akhoza kudzuka ali pulezidenti

Chaka cha chisankho ku America, ikafika miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, pakamwa pa aliyense pamakhala funso lakuti wopikisana pa mpando wa pulezidenti atenga ndani kukhala womutsatira. Akatswiri a ndale amayamba kuwerengetsa kuti uyu akoka mavoti akwawo, uyo akopa amayi kapena anthu opemphera. Kawirikawiri masamu amenewa satuluka. Mu 2004 John Kerry anatenga John Edwards wa ku North Carolina, koma anagonja komweko. Mu 2012 Mitt Romney anatenga Paul Ryan wa ku Wisconsin, kwawoko n'kuvotera Obama. Amene ambiri amavomereza kuti anathandizadi ndi Lyndon Johnson wa ku Texas, pomwe John Kennedy, amene anamutenga, anapambana kumeneko mu 1960.

Ntchito zimene malamulo amapatsa wachiwiri n'zochepa. Amatsogolera Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, ndipo amavota pokhapokha mavoti a masenetala akafanana. Kamala Harris anatero ka 33, kuposa aliyense. Amatsogoleranso kuwerenga mavoti a Electoral College, gulu la nthumwi za zigawo limene limasankha pulezidenti, udindo umene unaika Mike Pence, wachiwiri wa Donald Trump, pa moto pa 6 Januwale 2021 atakana kusokoneza zotsatira.

Chimene ndimachiona cholemera n'chakuti achiwiri 9 analowa pa mpando wa pulezidenti nthawi isanakwane, 8 mwa iwo chifukwa cha imfa, ndipo Gerald Ford mu 1974 Nixon atatula pansi udindo. Amalawi izi sitichita kumva, tinaziona mu Epulo 2012 pomwe mayi Joyce Banda analumbira Bingu atamwalira, chipani cholamula chitawachotsa kale.

Pulezidenti Abraham Lincoln anayenda ndi Andrew Johnson wa ku Tennessee, chigawo cha kum'mwera chimene chinapanduka, mu 1864 pofuna kusonyeza umodzi pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Lincoln atawomberedwa mu Epulo 1865, Johnson anakana kusayina lamulo la 1866 loteteza ufulu wa anthu akuda omasulidwa kumene ku ukapolo, mpaka aphungu analikhazikitsa momukakamiza. Munthu wotengedwa pofuna mavoti anabweza m'mbuyo anthu mamiliyoni.

Harry Truman naye anakhala wachiwiri masiku 82 okha. Pulezidenti Franklin Roosevelt, ngakhale ankadwala, sanamuuze za bomba la atomiki limene linkapangidwa mwachinsinsi. Pa 12 Epulo 1945 Truman anaitanidwa ku White House madzulo, n'kuuzidwa ndi Eleanor Roosevelt kuti mwamuna wake, pulezidentiyo, wamwalira. Isanathe miyezi inayi, bombalo linagwa ku Hiroshima iye ali pa mpando.

Zinthu zinasintha mu 1977 pamene Jimmy Carter anapatsa wachiwiri wake Walter Mondale ofesi ku West Wing, mbali ya White House kumene kuli ofesi ya pulezidenti, malipoti achinsinsi omwe iye ankawerenga, komanso nkhomaliro ya awiri sabata iliyonse. Apulezidenti ambiri obwera pambuyo pake asunga mwambowu, koma sunalembedwe m'malamulo, ndiye pulezidenti wosafuna akhoza kuusiya tsiku lililonse.