Kukana kuuzira mpweya m'kachipangizo ka apolisi sikupulumutsa munthu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi m'mabala a ku Kabwata ndi ku Matero mumzinda wa Lusaka: akuti apolisi akakugwira ukuyendetsa galimoto utamwa, ungokana kuuzira mpweya m'kachipangizo kawo koyezera mowa, basi mlandu watha chifukwa palibe umboni. Ndatopa nayo.

Lamulo la pamsewu la Zambia, Road Traffic Act ya 2002, limapatsa apolisi mphamvu yoyeza dalaivala amene akumukayikira kuti wamwa, ndipo kukana popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha. Umboninso sikachipangizo kokha ayi. Wapolisi akhoza kuuza khoti za fungo la mowa, kudzandira, lilime lolemera ndi mmene galimoto inkayendera mokhotakhota pa Great East Road. Khoti likhozanso kuimitsa laisensi, ndipo kwa dalaivala wa minibasi apo ndiye kuti ntchito yaima.

Lamuloli lili pa intaneti, tsegulani muwerenge nokha gawo lonena za kuyendetsa galimoto utaledzera, kapena funsani loya. Uthenga wa "ingokana" ukafika pa WhatsApp, chonde funsani kaye wotumizayo gawo la lamulo lomwe wautenga musanaupititse kwa ena.