Voti imodzi imene inatsekera makasitomala khomo la khoti ku America

Mu Meyi 2025, Pulezidenti Donald Trump anasaina chikalata chothetsa lamulo lomwe likanatsitsa chindapusa chimene mabanki akuluakulu amadula munthu akatapa ndalama zoposa zomwe ali nazo mu akaunti. Mabanki ambiri ankadula pafupifupi madola 35, lamulolo linkafuna madola 5. Amene analigwetsa ndi aphungu, ndipo njira yake anaiphunzira kale mu 2017, pamene voti imodzi inagwetsa lamulo lina loteteza makasitomala a mabanki.

Bungwe la boma la CFPB, loteteza ogula pa nkhani za ngongole ndi mabanki, linakhazikitsidwa ndi lamulo la Dodd-Frank mu 2010, chuma chitagwa mu 2008. Mu Julaye 2017, motsogozedwa ndi Richard Cordray, linatulutsa lamulo lokhudza kachiganizo kamene kamabisala m'mapepala otsegulira akaunti kapena khadi la ngongole. Kachiganizoko kamati mukakangana ndi banki simupita kukhoti limodzi ndi anzanu, mlandu wanu ukamvedwa panokha ndi mkhalapakati. Kwa amene wadulidwa madola 30 mwachinyengo, ndiye kuti nkhani yathera pomwepo, chifukwa palibe loya angatenge mlandu wa ndalama zochepa choncho. CFPB inafuna kuti anthu oterowo azitha kusumira banki pamodzi.

Nthawiyo anthu anali asanaiwale za banki ya Wells Fargo. Mu 2016 zinaululika kuti ogwira ntchito pabankiyi ankatsegula maakaunti m'maina a makasitomala eni ake osadziwa, ndipo pamapeto chiwerengero chinafika pafupifupi 3.5 miliyoni. Anthu atapita kukhoti, bankiyo inatulutsa kachiganizo komweko, ati anasaina okha. Anasainadi, koma pa akaunti yeniyeni, osati yabodzayo.

Mbali zonse, yofuna lamulo la CFPB lija ndi yofuna kuti aphungu aligwetse, zinali ndi mapepala ake. Kafukufuku wa CFPB wa 2015 anaonetsa kuti ndi anthu ochepa kwambiri amene amapitadi kwa mkhalapakati. Unduna wa zachuma unayankha kuti milandu yapagulu imalemeretsa maloya, kasitomala n'kungolandira timadola tochepa. Mfundoyi ili ndi choonadi chake ndithu. Chokayikitsa ndi nthawi imene lipoti la undunawo linatuluka: tsiku limodzi voti ya ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, isanachitike. Komanso silinanene kuti wodulidwa madola 30 uja apite kuti.

Nyumba ya oimira anthu inali itakana kale lamulo la CFPB lija, 231 kwa 190. Usiku wa pa 24 Okutobala 2017 linafika ku Senate. Aphungu onse a Democrat analiikira kumbuyo, ndipo awiri a Republican, Lindsey Graham ndi John Kennedy, anapatuka pa chipani chawo n'kugwirizana nawo. Mavoti anathera pa 50 kwa 50. Wachiwiri kwa pulezidenti, Mike Pence, amene anali ndi mphamvu yoponya voti mavoti akafanana, anaponya yake kumbali ya mabanki, ndipo Trump anasaina pa 1 Novembala.

Chida chimene anagwiritsa ntchito ndi lamulo la 1996 lotchedwa Congressional Review Act. Limalola aphungu kufafaniza lamulo la bungwe la boma ndi mavoti ongopitirira theka, ndipo likatero, bungwelo silingalembenso lofanana nalo pokhapokha aphungu omwewo atalola. Ndi chomwechi chimene anatolanso mu 2025 pa nkhani ya chindapusa ija, 52 kwa 48 ku Senate, 217 kwa 211 kunyumba inayo.