Bambo sanalodzedwe, kashiamu wangokwera m'magazi

Nkhani iyi ndimaifotokoza kawirikawiri kwa magadiyani pa wodi nde ndangoti ndiilembe. Munthu wabwera ndi bambo ake kuchokera ku Mitundu kaya ku Area 25, ali ndi khansa ya kummero, kumeza kwakhala kukuvuta kwa miyezi, koma chawaopsa n'choti masiku atatu apitawa bambo aja ayamba kuyankhula zosamveka, akungogona, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi koma kuchimbudzi osapita. Kumudzi agamula kale kuti awa alodzedwa, ena akuti khansa yalowa mu ubongo basi tizingodikira. Ife tikatenga magazi timapeza kashiamu, mchere womwe umalimbitsa mafupa, wadutsa 3, pomwe wa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 2.2 ndi 2.6.

Chikuchitika ndi ichi. Pakhosi, kuseri kwa chithokomiro, kuli tiziwalo tinayi tating'ono ngati njere za mpunga, timatulutsa homoni yoyang'anira kashiamu, akachepa imauza mafupa kuti tulutsaniko, akakwana imasiya. Nde khansa ina, ngakhale yamera kummero, m'mapapo kapena pa khomo la chiberekero komwe sikupangidwa homoni imeneyi, imayamba kupanga chinthu chofanana nayo chotchedwa PTHrP, chomwe asayansi anachizindikira mu 1987. Mafupa ndi impso zimangomvera ngati lamulo lachokera kwa amfumu enieni, ndipo chotupacho chilibe buleki, kashiamu akwere bwanji icho chimangotulutsabe. Mtundu wa khansa wotchedwa squamous ndi womwe umakonda zimenezi, ndipo khansa ya kummero ndi ya khomo la chiberekero zomwe zachuluka kwambiri kuno ku Malawi nthawi zambiri ndi za mtundu umenewu, nde musaganize kuti ndi matenda a m'mabuku a azungu.

Timaika dilipi ya madzi a mchere yambiri ndithu, tikakhala nawo timabayanso mankhwala ngati zoledronic acid, pakapita masiku angapo munthu uja amadzuka n'kufunsa kuti phala lili kuti. Sindikunamizani, kashiamu akakwera chonchi nthawi zambiri khansa yapita patali, ndipo ngati chotupa sichinathandizidwe amadzakweranso. Koma bambo kuzindikiranso ana awo n'kulongosola za munda ndi za mbuzi, kwa ine si zazing'ono.

Pali msampha koma. Khansa ya m'mapapo yotchedwa small cell, ija imagwira kwambiri osuta fodya, kaya wa mushopu kaya chingambwe, imapanga homoni ina, ADH, youza impso kuti madzi musataye. Madzi akachuluka mchere wa sodium umasungunuka n'kutsika pansi pa 135, munthu amabalalika chimodzimodzi, mwinanso kukomoka ngati wakhunyu. Apa thandizo lake nthawi zambiri ndi kuchepetsa zakumwa, nde gadiyani wachikondi uja womwetsa wodwala madzi, tiyi ndi thobwa ola lililonse akuonjezera vuto osadziwa. Kuona ndi maso simungasiyanitse mavuto awiriwa, ngakhale ife timadalira labu.

Small cell yomweyo imathanso kupanga homoni ina yotchedwa ACTH, shuga ndi BP n'kukwera mwadzidzidzi, ntchafu kufooka mpaka munthu kulephera kudzuka pampando. Pomwe khansa ya chiwindi imatha kuchita zosemphana, kugwetsa shuga, wodwala n'kumapezeka m'mamawa ali thukuta kamukamu osadzuka pomwe sanamwepo mankhwala a shuga chibadwire.

Nthawi zina zimenezi zimayamba chotupa chisanaoneke n'komwe, nde musadabwe mukabwera pa chipatala cha Kamuzu Central ndi wodwala wobalalika mutu ife n'kumutumiza kukajambulitsa pachifuwa. Ndipo ngati mukusamala wodwala khansa kunyumba n'kuona wasintha mutu m'masiku ochepa, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lachipatala lija, bwerani naye, muuzeni adokotala tsiku lomwe zayamba, akumwa madzi ochuluka bwanji, wapita liti kuchimbudzi, ndipo funsani ngati kashiamu, sodium ndi shuga ayezedwa.