Repository ya snapshot ikamadzaza, yambani mwawerengera maola otsala

Mwa mauthenga onse amene makina akuluakulu osungira deta amatumiza kwa owayang'anira, umene anthu amaunyozera kwambiri ndi wonena kuti repository ya snapshot, malo amene makina amasungamo deta yakale isanasinthidwe, yadutsa malire. Palibe disiki yafa, antchito akutsegula mafayilo awo bwinobwino, ndiye munthu amangoti ndiona mawa. Ena amachita mantha n'kuyamba kufufuta mafayilo pa seva kuti malo apezeke. Onsewa sanamve zimene makinawo akunena.

Kuti tisamangoyandama, ndikamba za makina a banja limodzi. Ankapangidwa ndi Engenio, nthambi ya kampani ya LSI, ndipo NetApp inagula nthambiyo mu 2011. Lero amatchedwa NetApp E-Series ndipo pulogalamu yowayendetsera ndi SANtricity, koma makina a mtundu womwewu anagulitsidwanso ndi mayina ena, monga IBM DS4000 ndi DS5000 komanso Dell PowerVault MD3000. Ku IBM snapshot ankaitcha FlashCopy. Mayina ndi osiyana, kagwiridwe ka ntchito ndi kamodzi.

Snapshot imakulolani kuona deta yanu mmene inalili pa nthawi inayake, tinene 6 koloko m'mawa, ngakhale anthu apitirize kuisintha tsiku lonse. Imapangika m'kanthawi kochepa chifukwa makina sakopera chilichonse pa nthawiyo. Amangodikira. Taganizani mphunzitsi amene wadzaza bolodi, ndipo mwana mmodzi wauzidwa kuti asunge zonse zimene zinalipo m'mawa. Mwanayo sakopera bolodi lonse ayi. Akaona kuti aphunzitsi akufuna kufufuta mzere wina, amathamangira kuulemba m'kope lake, kenako aphunzitsi n'kulembapo zatsopano. Mukamufunsa madzulo kuti m'mawa panali chiyani, amaphatikiza za m'kope ndi zimene zikadali pabolodi. Bolodilo ndi volume, gawo la madisiki limene anthu akugwiritsa ntchito, kopelo ndiye repository. Akatswiri amatcha njira imeneyi copy-on-write.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Repository siyesa kuchuluka kwa deta imene muli nayo. Imayesa kuchuluka kwa zimene zasinthidwa kuchokera pamene snapshot inatengedwa. Volume yaikulu yosungira zithunzi zakale zimene palibe akuzikhudza ikhoza kutha miyezi repository yake ili pafupifupi yopanda kanthu, pamene volume yaing'ono ya database yotanganidwa ikhoza kudzaza yake usiku umodzi. N'chifukwa chake kufufuta mafayilo pa seva sikuthandiza. Makinawa sadziwa n'komwe kuti fayilo n'chiyani, amangoona timagawo ta disiki tikulembedwa. Zimene zinalowa kale mu repository zimakhalabe momwemo, ndipo kufufutako nakonso ndi kusintha, choncho mukhoza kuwonjezera vuto limene mukufuna kuthetsa.

Chinthu chimodzi chimapepuzako: pa snapshot iliyonse, kagawo kamodzi kamakopedwa kamodzi kokha, pa ulendo woyamba pamene kakusinthidwa. Kakasinthidwanso kakhumi, repository sikula. Koma mukatenga snapshot ina, kuwerenga kumayambiranso.

Pa makina akale, snapshot iliyonse inkakhala ndi repository yakeyake. Mukapanda kusintha kanthu, pulogalamu inkaipatsa 20 peresenti ya kukula kwa volume, ndipo chenjezo linkabwera ikafika theka, 50 peresenti. Makina atsopano amaika masnapshot a volume imodzi m'gulu, snapshot group, ndipo onse amagawana repository imodzi. Gulu limodzi limatenga mpaka 32. Kukula kumene pulogalamu imasankha ndi 40 peresenti ya volume, chenjezo limabwera pa 75 peresenti, ndipo mu SANtricity System Manager malowa muwapeza akutchedwa reserved capacity. Manambala amenewa ndi ongoyambira. Amene anawaika sanaonepo ofesi yanu, sadziwa zimene zimachitika pa seva yanu kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro.

Tiyerekeze kuti volume yanu ndi ya 2 TB. Repository ya 40 peresenti ndi pafupifupi 800 GB, ndipo chenjezo libwera pa 600 GB. Mwatsala ndi 200 GB. Kodi ndi zambiri kapena zochepa? Nambala yokhayo siyankha. Lembani pomwe yafika tsopano, dikirani ola limodzi, onaninso. Ngati yakwera ndi 1 GB, muli ndi sabata yathunthu yoganizira. Ngati yakwera ndi 25 GB, muli ndi maola 8, ndipo ngati uthengawo wafika 4 koloko madzulo Lachisanu ndiye kuti idzaza pakati pa usiku, inu muli mtulo. Ine ndimaona kuti kuwerengera kumeneku ndiye ntchito yoyamba, musanadine batani lililonse.

Chachiwiri n'kudziwa chimene chichitike ikadzaza, pakuti makinawa sasankha okha. Amatsata lamulo limene wina anaika tsiku lopanga snapshot, mwina munthu amene anachoka kale pantchito.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba imati snapshot iwonongeke koma anthu apitirize kugwira ntchito. Pa makina akale snapshot yonse imafa ndipo siukanso. Mukhoza kuipanganso, koma idzasonyeza deta ya nthawi imene mwaipanganso, ya 6 koloko ija yapita. Pa makina atsopano amataya snapshot yakale kwambiri m'gulumo kuti apeze malo, ndipo akapereweranso amataya yotsatira. Yachiwiri imati snapshot itetezedwe, ndipo makina amakana chilichonse chofuna kulembedwa pa volume mpaka mutawonjezera malo. Kwa seva, kukanidwa kumeneku kuli ngati disiki yawonongeka. Database imaima, makompyuta a virtual amene ali pamenepo amauma, mafoni n'kuyamba kulira.

Ndiye yabwino ndi iti? Nthawi zambiri ndi yoyamba, n'chifukwa chake ndi imene pulogalamu imasankha mukapanda kunena kanthu. Kutaya snapshot ya sabata yatha n'kopepuka kusiyana n'kuimitsa kampani yonse. Koma pali nthawi zina zimene yachiwiri imayenera. Ngati mwatenga snapshot musanayambe kukweza pulogalamu ya database, ndipo njira yokhayo yobwerera zinthu zikavuta ndi snapshot imeneyo, kulibwino ntchito iime kusiyana n'kuti njira yobwererayo itayike mwakachetechete kukwezako kuli pakati. Chimene sindigwirizana nacho ndi kusadziwa. Ofesi imene ili ndi makinawa iyenera kudziwa lamulo limene lili pa volume iliyonse, ndipo abwana a ofesiyo ayenera kukhala atavomereza, chifukwa ndi nkhani ya bizinesi, si ya a IT okha. Mu SMcli, pulogalamu yolamulira makinawa polemba mawu, lamulolo limatchedwa repositoryFullPolicy, ndipo kuliona sikutenga nthawi.

Tsopano zochita. Makinawa akatulutsa chenjezo amadzionetsa kuti Needs Attention, ndipo mukatsegula Recovery Guru, gawo la SANtricity lofotokoza mavuto, amakuuzani repository imene yavuta. Musathamangire kuwonjezera malo. Yambani mwafunsa ngati snapshot imeneyo ikufunikabe. Kawirikawiri mupeza kuti ndi imene pulogalamu ya backup inapanga usiku wina n'kulephera kuichotsa ntchito itaduka, kapena imene munthu anatenga poyesa china chake miyezi yapitayo n'kuiwala. Snapshot yoiwalika siingodya malo chabe, imachedwetsanso makina, pakuti kagawo kalikonse katsopano kofuna kusinthidwa kamayamba kawerengedwa, kulembedwa mu repository, kenako deta yatsopano n'kulowa. Ngati mwini wake wavomera, ichotseni, malo abwerera. M'gulu mumayambira yakale kwambiri n'kumabwera m'tsogolo, simungadumphe n'kuchotsa yapakati.

Ngati ikufunikabe, wonjezerani malo. Izi zimatheka anthu akugwira ntchito, bola pakhale malo opanda kanthu mu volume group kapena mu pool, gulu la madisiki mmene muli volume yanu. Ngati mulibe, ndiye kuti muyenera kulowetsa madisiki ena m'gulumo, ndipo makina amatenga maola ambiri akusanja deta pa madisiki atsopanowo. Amene watsala ndi maola 8 asadalire njira imeneyi. Mukawonjezera, wonjezerani mokwanira kamodzi, osati pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa pa makina atsopano ulendo uliwonse umalumikiza kavolume kena ku repository, ndipo chiwerengero cha timavolume timeneti chili ndi malire.

Pali njira yachitatu imene anthu amaikonda chifukwa ndi yachangu: kukweza malire a chenjezo kuchoka pa 75 kupita pa 90 peresenti kuti uthenga usiye kuvutitsa. Uthengawo umasiyadi. Repository imapitiriza kudzaza pa liwiro lomwelo, kungoti chenjezo lotsatira lidzakupezani mwatsala ndi 80 GB m'malo mwa 200. Kukweza malire kuli ndi malo ake, pamene mwaona kwa miyezi kuti repository imakwera kufika pena pake n'kutsika masnapshot akale akamachotsedwa. Kupanda umboni umenewo, mukungodzinamiza.

Moto ukazima, fufuzani chimene chinauyatsa. Repository imene yakhala ikukwera pang'onopang'ono n'kudzidzimuka tsiku limodzi ili ndi chifukwa. Defrag imasuntha deta kuchoka apa kupita apo, ndipo ngakhale mafayilo asasinthe, makina amaona ngati malo ambirimbiri alembedwa mwatsopano. Kumanganso ma index a database kumachita chimodzimodzi, monganso kuchita format kapena kukopera deta yambiri pamwamba pa yakale. Ngati ntchito yotere ili pa ndandanda, ikani malo okwanira isanayambe kapena isinthireni nthawi. Ndipo ngati palibe amene akudziwa chimene chikulemba, musachedwe kuganizira za ransomware. Pulogalamu yoipayi imalembanso mafayilo onse powatsekera, ndiye repository imakwera mwachangu kwambiri. Apa lamulo lotaya masnapshot akale limakutembenukirani, chifukwa amene akutayidwa poyamba ndi omwe ali ndi deta yabwino. Zikatere chotsani seva yokayikitsayo pa netiweki kapena izimitseni kaye, za malo muziona pambuyo.

Izi zikukumbutsanso kuti snapshot si backup. Zambiri zimene imakuonetsani imazitenga pa volume yomweyo, ndiye volume ikawonongeka nayonso yapita. Backup iyenera kukhala pa makina ena.

Amene alibe makina a banja limeneli asadzione opulumuka. Pa Linux, snapshot wamba ya LVM, pulogalamu yoyendetsera ma volume, ikafika 100 peresenti imakhala yopanda ntchito. Lamulo la lvs limaonetsa pomwe yafika, ndipo mu fayilo ya lvm.conf muli snapshot_autoextend_threshold yoti izidzikulitsa yokha. Pa Windows, ma shadow copy, amene ndi masnapshot a kumeneko, akadzaza malo amene anapatsidwa, akale amachotsedwa popanda kukufunsani.

Malire a chenjezo muwaike potengera nthawi imene anthu anu amatenga kuti achitepo kanthu. Ngati palibe amene amayang'ana makina kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba m'mawa, malo otsala pamwamba pa malirewo akwanire kusintha kwa masiku atatu otanganidwa. Onetsetsaninso kuti uthengawo umafika kwa munthu amene akadali pantchito. Pulogalamuyi ili ndi batani lotumizira imelo yoyesera: lidineni, kenako funsani amene amayenera kuilandira ngati yafikadi.